Flutter, React Native kapena Kotlin: tikambe zimene zimathyoka

Chiphaliwali

Akuluakulu, mkangano wa Flutter ndi React Native, zida ziwiri zolembera app imodzi yoyenda pa Android ndi pa iPhone, wabukanso, ndipo a Kotlin, chinenero cholembera ma app a Android, akungoseka pambali ngati iwo alibe chilonda. Tiyeni tiukambe ndi chitsanzo chimodzi m'malo momangotukwanizana. Tinene kuti pakufunika app yoti iyende pa Android ndi pa iPhone pomwe. Ili ndi mndandanda wa katundu 5000, chilichonse ndi chithunzi chake. Iyenera kugwira ntchito ngakhale intaneti itadula, n'kudzatumiza zimene yasunga intaneti ikabwera. Ilumikizanenso ndi printer ya malisiti ya Bluetooth. Opanga ndi anthu atatu basi. Mungasankhe chiyani, ndipo choyamba kuthyoka chidzakhala chiyani? Woyankha kuti "Flutter basi" popanda chifukwa asavutike n'kulemba.

Kalulu_wa_Dart

Flutter, achimwene, ndipo chifukwa ndichipereka. Flutter sibwereka mabatani a Android kapena a iPhone. Imajambula yokha chilichonse chimene mukuona pa sikirini, kuyambira batani mpaka kachilembo. Ndiye mndandanda wanu uja udzaoneka chimodzimodzi pa mafoni onse, ndipo mukakonza cholakwika pamalo amodzi mwakonza ponse. Code ya Dart, chinenero cha Flutter, ikamapita kwa anthu imakhala itasandutsidwiratu kukhala ya makina, sidikira womasulira foni ili m'manja.

Pamndandandawo gwiritsani ntchito `ListView.builder`, osati `ListView` wamba woikamo zinthu zonse 5000 nthawi imodzi. Wa builder amangopanga mizere imene ikuoneka ndi ina ingapo ya m'mphepete. Mizere ikakhala yotalika mofanana, ikani `itemExtent` kuti asamataye nthawi n'kuyeza mzere uliwonse.

Nthiwatiwa

A Kalulu, mwayambira mbali yotsekemera. Walira mvula walira matope. Apple itatulutsa iOS 26 mu 2025 ndi maonekedwe aja a Liquid Glass, ma app ogwiritsa ntchito zida zenizeni za iPhone anayamba kuwalandira pongomangidwanso ndi Xcode yatsopano, chida cha Apple chomangira ma app. Za Cupertino za mu Flutter, mabatani ooneka ngati a iPhone, ndi zongofanizira, ndiye zinatsala ndi nkhope yakale kudikira kuti wina azijambulenso. Mu React Native, `Switch` pa iPhone ndi UISwitch yeniyeni, `ScrollView` ndi UIScrollView yeniyeni. Mmene zimatsetserekera chala chikazikankha, kachitidwe ka keyboard, kusankha mawu kuti muwakope, zonsezo ndi za mwini foni.

Chachiwiri, anthu atatu amenewo mukawapeza kuti? Wodziwa React ya pa webusaiti amalowa mu React Native ndi TypeScript yake yomweyo. Dart kunja kwa Flutter mumaiona kangati?

Kalulu_wa_Dart

Nanga mlatho uja wa React Native, achemwali? JavaScript tsidya lino, foni tsidya lina, uthenga uliwonse ukulungidwe kaye mu JSON, kalembedwe kotumizira uthenga ngati mawu, kenako uwoloke. Munthu akamatsetsereka mwachangu mizere imatuluka yoyera, zolembazo n'kumabwera pambuyo.

Nthiwatiwa

Mlatho umenewo anaugwetsa. Kuyambira pa React Native 0.76, ya mu Okutobala 2024, New Architecture ndi imene imabwera yoyatsa kale. JavaScript imaitana C++ mwachindunji kudzera mu JSI, palibenso zokulunga mu JSON. Hermes, amene wakhala injini yokhazikika yoyendetsera JavaScript kuyambira pa 0.70, amasandutsiratu JavaScript kukhala bytecode pomanga app, n'chifukwa chake kutsegula sikuchedwanso ngati kale.

Ngati tikufukula zakale, ndifukule zanu. Flutter ili pa Skia, injini yake yakale yojambulira, inkakonza ma shader, timapulogalamu tojambulira, nthawi imene animation ikuyamba koyamba, ndiye app yongoikidwa kumene inkadodoma pa kusuntha koyamba kulikonse, makamaka pa iPhone. Anachita kulemba injini yatsopano, Impeller, kuti athane nazo, ndipo inakhala yokhazikika pa iOS mu Flutter 3.10, chaka cha 2023. Ndinene kuti Flutter imadodoma mpaka lero? Kungakhale kunama. Inunso lekani za mlatho.

Gogo_wa_Java

Ana inu mukutukwanizana ndi mawu a 2019. Mkangano uwu ndi wakale kuposa zida zanu zonse ziwiri. Kunali PhoneGap, anthu n'kumati lembani HTML kamodzi muyende ponseponse. Adobe inaitseka mu 2020. Kunali Xamarin, Microsoft inaigula mu 2016, n'kusiya kuithandiza pa 1 Meyi 2024, onse n'kuuzidwa kuti asamukire ku .NET MAUI. Aliyense wa amenewa anali ndi omuimbira m'manja amene ankalankhula ngati inuyo.

Komanso mbali iliyonse ili ndi kampani yake yoinyamula ngati chishango. Odana ndi React Native amatchula Airbnb, imene inaisiya mu 2018. Oikonda amatchula Shopify, imene inalengeza mu 2020 kuti ikulowamo. Zonse ziwiri n'zoona, koma Airbnb inali ndi ma app akuluakulu olembedwa kale mwa native, ndi zida zenizeni za Android ndi za iPhone, React Native n'kukhala gawo lachitatu loti azisamaliranso. Anthu atatu oyamba pa zero sali pamenepo. Bwererani ku printer ndi mndandanda, a Chiphaliwali anafunsa zimenezo.

Mai_a_Swift

Zikomo agogo. Ndiyambe ndi kudodoma, popeza ndi kumene anthu amanamizira framework kawirikawiri.

Sikirini ya 60 Hz imajambulidwa ka 60 pa sekondi, ndiye felemu iliyonse ili ndi 16.7 ms. Ya 120 Hz ili ndi 8.3 ms yokha. Ntchito iliyonse imene yakhala pa thread yojambula (thread ndi njira imene ntchito zimayendamo imodzi pambuyo pa inzake) kupitirira pamenepo, felemu yatayika. Tinene kuti seva yatumiza katundu yense 5000 mu JSON imodzi ndipo kuimasula kwatenga 200 ms pa foni yofooka. Amenewo ndi mafelemu 12 otayika, munthu amaona ndithu kuti sikirini yauma. Pa Android mukaumitsa thread yaikulu kwa masekondi 5 munthu akugogoda, foni imatulutsa uthenga uja wa ANR wofunsa ngati atseke app.

Pamene ambiri amagwera ndi apa: `async` ndi `await` mu Dart kapena mu JavaScript sizisamutsira ntchito ku thread ina. Zimangothandiza podikira, monga podikira yankho la seva. Yankho likafika, `jsonDecode` kapena `JSON.parse` imayenda pa thread yomwe ija, ndipo ikayamba siimira pakati. Kulemba `await` kutsogolo kwake n'kungodzinamiza.

Mu Dart mankhwala ake ndi `compute()` kapena `Isolate.run()`, ntchito ipite ku isolate ina, imene imayenda payokha kunja kwa thread yojambula. Mu Kotlin ndi `withContext(Dispatchers.Default)`. Mu React Native thread ya JavaScript ndi imodzi. Kutsetsereka kumapitirira chifukwa kuli m'manja mwa foni, koma mabatani amasiya kuyankha ndipo mizere yatsopano imachedwa. Kumeneko ndi bwino kuti JSON yaikulu chotero isafike n'komwe: landirani zinthu 50 kapena 100 nthawi imodzi, ziikeni mu SQLite, nkhokwe ya pa foni pomwepo, mndandanda uziwerenga kuchokera mmenemo. Malangizo omwewa ndi abwinonso kwa a Dart ndi a Kotlin, chabe kuti iwo ali ndi pothawira.

Kalulu_wa_Dart

Mwamva, achemwali a Nthiwatiwa? "Iwo ali ndi pothawira."

Nthiwatiwa

Ndamva, ndipo pamenepo ndavomera. Koma isolate sigawana memory ndi inzake, zimene mwaitumizira zimakopedwa. Mukamaiitana pa kanthu kakang'ono kalikonse mukutaya nthawi yambiri kuposa imene mukupulumutsa. Pa mndandanda wautali ife tili ndi FlashList ya Shopify, imene imagwiritsanso ntchito mizere imene yachoka pa sikirini m'malo moitaya n'kupanga ina. Ndi nzeru yomwe ija ya RecyclerView ya pa Android. Msampha wake ndi wakuti mzere ukakhala ndi `useState` yakeyake, mwachitsanzo yosonyeza kuti wasankhidwa, chizindikirocho chimatha kukaonekera pa katundu wina mzerewo ukabwerezedwa. Zoterezo zisungeni kunja kwa mzere, potsatira ID ya katunduyo.

Njuchi

Mwaiwala zithunzi, ndipo ndi zimene zidzayambe kupha app imeneyi, kaya mwailemba m'chiyani. Anthu amayang'ana kukula kwa fayilo: JPEG ya 2 MB, amati si yaikulu. Koma foni siijambula ili yopanikiza choncho, imaifutukula kaye. Chithunzi cha 4000 x 3000 chili ndi timadontho 12 miliyoni, kalikonse ma byte 4. Ndi 48 MB m'memory pa chithunzi chimodzi. Zikakhala 10 pa sikirini ndi 480 MB, ndipo foni yaing'ono imangotseka app osatsanzika.

Chithunzi chomwecho chikachepetsedwa kufika pa 200 x 200 chimadya 160 KB yokha. Ndiye choyamba, seva izipanga tizithunzi ting'onoting'ono ta pamndandanda, chachikulu chizibwera pokhapokha munthu wagogoda. Ngati seva si yanu, mu Flutter ikani `cacheWidth` pa `Image.network` kuti chifutukulidwe pa msinkhu umene mukufuna. Kungoika `width` sikuthandiza, kumachepetsa maonekedwe okha pomwe memory yadyedwa kale. Coil ndi Glide za pa Android zimayeza malo a chithunzi n'kuchepetsa zokha, n'chifukwa chake a Kotlin vutoli saliona msanga, osati kuti ndi anzeru kuposa anzawo.

Fisi_wa_Kotlin

Mwanditchula, ndabwera. Tiyeni ku printer, pamenepo m'pamene mudzandifune nonsenu.

Ma printer ambiri otchipa a malisiti amalankhula ESC/POS, chinenero cha malamulo osindikizira, kudzera pa Bluetooth yakale ija, njira ya SPP. Pa Android palibe vuto, mumatsegula socket ya RFCOMM n'kuthira ma byte. Pa iPhone app wamba siloledwa kugwiritsa ntchito SPP pokhapokha chipangizocho chili mu ndondomeko ya MFi, imene Apple imavomerezera zipangizo. Chotsala ndi BLE, Bluetooth yosadya batire kwambiri, kudzera mu CoreBluetooth. Ndiye musanalembe mzere ngakhale umodzi, onani ngati printer ili ndi BLE kapena MFi. Ngati ilibe, palibe Flutter, palibe React Native, palibe Swift imene ingaipangitse kusindikiza kuchokera pa iPhone.

Mukalowa mu BLE pali zina. MTU, malire a kukula kwa uthenga umodzi, yoyambira ndi ma byte 23, atatu amapita ku mutu wa uthenga, inu mumatsala ndi 20. Lisiti la ma byte 600 ndi zidutswa 30. Pa Android mukhoza kupempha yokulirapo ndi `requestMtu`, mpaka 517, koma printer ndi imene imanena mmene ingakwanitsire, ndiye dikirani `onMtuChanged` muone imene mwapatsidwadi. Android imalandiranso lamulo limodzi la GATT, lowerenga kapena kulemba pa BLE, nthawi imodzi. Mukathira zidutswa 30 motsatizana osadikira `onCharacteristicWrite`, zambiri zimakanidwa mwakachetechete, lisiti n'kutuluka lili ndi mutu ndi mchira, pakati palibe. Pamafunika mzere wodikirira: tumizani chimodzi, dikirani yankho, tumizani china. Ndipo mukamaliza itanani `close()`, osati `disconnect()` yokha, apo ayi mudzakumana ndi error 133 imene siinena chimene chalakwika.

Zilolezo nazo zinasintha. Kuyambira Android 12 mumapempha `BLUETOOTH_SCAN` ndi `BLUETOOTH_CONNECT`. Kuyambira Android 6 mpaka 11, kufufuza zipangizo za BLE kunkafuna chilolezo cha location. App ikamayenda pa mafoni akale ndi atsopano omwe, njira zonse ziwiri zikhalemo.

Kalulu_wa_Dart

Zonsezo plugin imachita yokha, achimwene. Mumangoiika mu `pubspec.yaml`.

Fisi_wa_Kotlin

Plugin imeneyo mkati mwake muli chiyani? Kotlin mbali ina, Swift kapena Objective-C mbali ina, `MethodChannel` pakati. Tsiku limene idzakane printer yanu, mudzatsegula foda ya `android` n'kukumana ndi zomwe ndalembazi. Safunsa anadya phula. Sindikuti musagwiritse ntchito plugin. Ndikuti mwa atatuwo mmodzi azitha kuwerenga logcat, malipoti a Android, ndi code ya Kotlin, wina azitha kutsegula Xcode osanjenjemera. Mawu akuti "code imodzi yokha" amathera pa Bluetooth, kamera ndi ntchito za kuseri.

Mai_a_Swift

Za kuseri zimenezo ndiwonjezerepo, chifukwa a Chiphaliwali anati app izitumiza yokha intaneti ikabwera. Apa mfumu ndi foni. WorkManager, yoyendetsa ntchito za kuseri pa Android, silola ntchito yobwerezabwereza kuyenda pafupipafupi kuposa mphindi 15, ndipo Doze, njira yopulumutsira batire imene inabwera ndi Android 6.0, imaikankhira kutsogolo foni ikakhala phee osatchajidwa. Mafoni ena ali ndi zopulumutsira batire zawozawo zimene zimapha app mwankhanza kuposa pamenepo. Pa iPhone inzake ya WorkManager, BGTaskScheduler, mumangoipempha, nthawi imasankha yokha, mwina osakupatsani n'komwe. Munthu akakankhira app m'mwamba kuitseka, iPhone siidzutsanso mpaka ataitsegula yekha.

Ndiye musalonjeze bwana kuti zizipita pompopompo. Tumizani nthawi zitatu izi: app ikatsegulidwa, intaneti ikabwera app ili yotsegula, ndi pamene foni yakupatsani mpata kuseri.

Njuchi

Kamangidwe kake ndi aka, ndipo sikasintha kaya SQLite mukuigwira ndi Room, drift kapena expo-sqlite. Pangani tebulo la zodikira kutumizidwa. Munthu akasunga oda, lembani odayo ndi mzere wake wa m'tebulo limenelo mu transaction imodzi, kuti batire ikathima pakati pasakhale oda yopanda woitumiza. Oda iliyonse ipatseni UUID, nambala yaitali yosafanana ndi ina iliyonse, pa foni pomwepo, musadikire nambala ya seva. Seva iike UUID imeneyo ngati yosabwerezeka, ikailandira kachiwiri ingoyankha kuti ndili nayo kale.

Chifukwa chake n'chakuti intaneti imakonda kudula pamalo oipitsitsa: seva yalandira, yasunga, koma yankho silinafike pa foni. Foni imaganiza kuti zalephera, imatumizanso, oda n'kukhala ziwiri. Mzere wa zodikira ufufutidwe pokhapokha seva yavomera. Zikalephera, dikirani masekondi 2, kenako 4, 8, 16, mpaka malire amene mwaika, osati kumenya seva sekondi iliyonse. Siyanitsaninso zolephera. Seva ikayankha error 500 kapena intaneti ikadula, yesaninso. Error 400 ndiye kuti odayo payokha ndi yolakwika, kuiyesanso ka 1000 sikuisintha, ndipo ikakhala patsogolo pa mzere imatsekereza zinzake zonse. Iikeni pambali, munthu auzidwe.

Musadalire wotchi ya foni pogamula kuti walemba komaliza ndani. Anthu amasintha nthawi pa mafoni awo. Seva ndi imene izipereka nambala ya version pa chinthu chilichonse.

Gogo_wa_Java

Mwalasa, a Njuchi. Taonani kuti pa zonsezi simunatchule ndi kamodzi komwe kuti Flutter kapena React Native.

Koma ndiwaponyere kamwala a JavaScript, asagone. Nambala mu JavaScript ndi double, ndipo nambala yathunthu yodalirika imathera pa 9007199254740991. Seva ikamapereka ma ID a 64-bit opitirira pamenepo, `JSON.parse` imasintha manambala akumapeto popanda kudandaula. Mumapempha katundu wina, mumalandira wina kapena 404. Ma ID otere azibwera ngati string. Kotlin ili ndi `Long`, Dart pa foni ili ndi `int` ya 64-bit, koma a Kalulu musasekerere: code yomweyo ya Dart ikasandutsidwa JavaScript kuti iyende pa webusaiti, `int` yanu imagwera m'dzenje lomwelo.

Za ndalama ndi za nonse. 0.1 kuphatikiza 0.2 mu double zimapereka 0.30000000000000004, m'zinenero zonse zitatu. Sungani ndalama ngati nambala yathunthu ya kagawo kakang'ono kwambiri ka ndalamayo, kadontho kaikeni posonyeza pa sikirini pokha.

Nthiwatiwa

Kamwala kalandiridwa, agogo. Tsopano chimene a Dart sakonda kumva. Oda yalakwika masamu, app ili kale m'manja mwa anthu. Mu React Native mukhoza kukonza JavaScript n'kuitumiza ndi EAS Update ya Expo, zida zothandizira kumanga ma app a React Native, anthu akatsegulanso app zakonzeka, osadikira kuti App Store iunike. CodePush ya Microsoft inapita pamodzi ndi App Center mu Malichi 2025, koma njirayo ilipobe. Flutter payokha ilibe zimenezi, mumachita kukafuna Shorebird ya anthu ena.

Chenjezo lake n'lakuti chimene chimayenda motere ndi JavaScript ndi zithunzi zokha. Mukawonjezera library yokhala ndi code ya native, muyenera kumanganso app yonse. Mukatumiza JavaScript yatsopano kwa app yakale imene ilibe module imeneyo, imagwa ikangotsegulidwa, kwa aliyense nthawi imodzi. N'chifukwa chake pali `runtimeVersion`: isintheni nthawi iliyonse mbali ya native yasintha. Ndipo yambani kutumizira anthu ochepa, osati onse.

Kalulu_wa_Dart

Ndipo mutiuzenso mmene mumakwezera version, achemwali. Mpaka panachita kupangidwa webusaiti yapadera, Upgrade Helper, yongosonyeza mizere yoti musinthe pamanja mu Gradle ndi mu Podfile. Library imodzi ikatsalira pa kamangidwe kakale, mwaima.

Nthiwatiwa

Amene ali pa Expo mafoda a `android` ndi `ios` amangowapanganso ndi `npx expo prebuild`, sawasintha pamanja. Inu Dart 3 itabwera mu 2023 n'kukana code yopanda null safety, ma package osiyidwa sanakuimitseni?

Fisi_wa_Kotlin

Nonse mukulira maliro amodzi. Ndiye pali njira yachitatu: Kotlin Multiplatform, imene JetBrains inati yakhazikika mu Novembala 2023. Tebulo la zodikira, masamu a ndalama, kulankhula ndi seva, kupanga ma byte a ESC/POS, zonsezo mumalemba kamodzi mu Kotlin, ndi Ktor ndi SQLDelight. Nkhope ya app mumalemba ndi Jetpack Compose pa Android, SwiftUI pa iPhone. Bluetooth mumaigwira mwachindunji mbali iliyonse, palibe plugin pakati.

Mai_a_Swift

Anthu ndi atatu, achimwene. Sikirini iliyonse ilembedwe kawiri, iyesedwe kawiri. App ya masikirini 30 ndi 60. Komanso wa Swift akamaitana code ya Kotlin zimadutsira mu Objective-C, ndiye `sealed class` ndi `Flow` sizifika zili bwinobwino, pamafunika zothandizira ngati SKIE. Zimatheka, koma musazinene ngati zaulere.

Fisi_wa_Kotlin

Ngati anthu achepa, pali Compose Multiplatform. Ya iOS inakhazikika mu Meyi 2025. Nkhope imodzi mbali zonse.

Kalulu_wa_Dart

Imene imajambula yokha pa iPhone pogwiritsa ntchito Skia. Takulandirani, achimwene, khalani pansi apa. Zaka zonsezi mumatinyoza kuti mabatani athu ndi ongojambula.

Fisi_wa_Kotlin

Kusiyana kulipo. Pa Android ndi Compose yeniyeni imene Google imalimbikitsa, ndipo tsiku limene ndafuna SwiftUI pa sikirini ina ndimangoilemba, nzeru za pansi osazikhudza. Koma pa nkhani ya mabatani ojambula, chabwino, mwandigwira.

Chiphaliwali

Izi ndiye zikumveka. Funso lina: anthu amaika mavidiyo oyerekeza liwiro, uyu akuti Flutter yapambana, uyo akuti yagonja. Kuyeza koyenera n'kotani?

Njuchi

Mavidiyo ambiri otere amayeza debug build, app yomangidwa kuti opanga aziyesera, pa emulator ya kompyuta yamphamvu, zomwe sizinena kanthu. Flutter mu debug imayenda ndi JIT, kumasulira code app ikuyenda, kuti hot reload itheke, ndiye imachedwa mwadala. Yezani ndi `flutter run --profile` pa foni yeniyeni, DevTools ikusonyezeni felemu iliyonse yopitirira malire. React Native imangeni mwa release, chifukwa mu debug JavaScript imachokera ku Metro, seva ya pa kompyuta ya wopanga, ndipo muli zofufuza zambiri. Compose nayo mu debug imaoneka yolemera kuposa mmene ilili. Yezani release yokhala ndi R8, chida chochepetsera code ya Android, ndi Baseline Profile.

Foni yoyezera ikhale yofooka kwambiri mwa imene anthu anu ali nayo, ya RAM 2 GB kapena 3 GB, osati ya m'thumba mwa wopanga. Yezani zinayi: nthawi yotsegula app itaphedwa kaye, mafelemu otayika potsetsereka mndandanda wonse, memory mutatsetsereka mpaka pansi n'kubwerera, ndi kukula kwa chimene munthu amatsitsa. Pa kutsegula, `adb shell am start -W` imakupatsani nambala. Bwerezani ka 10, chifukwa foni ikatentha imadzichepetsa liwiro ndipo ulendo wakhumi sufanana ndi woyamba.

Pa kukula musayerekeze APK yonenepa ija yokhala ndi armeabi-v7a, arm64-v8a ndi x86_64 pamodzi. Google Play yakhala ikufuna App Bundle pa ma app atsopano kuyambira Ogasiti 2021, ndipo foni iliyonse imalandira gawo lake lokha. Ngati mukugawa APK pamanja, `flutter build apk --split-per-abi`.

Gogo_wa_Java

Ndipo release imeneyo muziyesa sabata iliyonse, osati usiku woti mawa mutulutsa. R8 imachotsa ndi kusintha mayina a class zimene ikuona ngati sizigwira ntchito. Library yodalira reflection, monga Gson, imapezeka ikufunafuna dzina limene kulibenso: mu debug zonse zili bwino, mu release mndandanda uli mbee. Pamafunika malamulo a `-keep`, kapena kusamukira ku kotlinx.serialization imene imapanga code yake pomanga. Izi zimagwiranso a Flutter ndi a React Native kudzera m'ma plugin awo a Android. Sungani `mapping.txt` ya version iliyonse, apo ayi malipoti a kugwa kwa app adzabwera ndi mayina ngati `a.b.c` osawerengeka.

Mai_a_Swift

A Chiphaliwali, popeza mukufuna yankho: pa chitsanzo chanuchi mndandanda, zithunzi ndi zotumiza zimatheka bwino m'zonse zitatu. Chosatsimikizika ndi printer, ndiye yambirani pamenepo. Masiku awiri, sikirini imodzi, batani limodzi, lisiti la mizere 40 lituluke kuchokera pa Android ndi pa iPhone. Zimitsani printer pakati pa kusindikiza, iyatseninso, muone ngati app ikulumikizananso yokha. Tsekani Bluetooth, kanani chilolezo, muone chimene app ikuchita.

Plugin imene mukuyesayo iunikeni kaye. Inatulutsidwa komaliza liti? Madandaulo a anthu akuyankhidwa? Woisamalira ndi mmodzi kapena gulu? Ya React Native, ikuyenda pa New Architecture? Ngati ili ndi mafayilo a `.so`, anamangidwa mogwirizana ndi masamba a memory a 16 KB amene Google Play ikufuna tsopano pa ma app olunjika Android 15 kupita mtsogolo? Yankho likakhala loipa pa ziwiri mwa izi, konzekani kuilemba nokha. Ikani code yonse ya printer kuseri kwa interface imodzi ya ntchito zitatu, kulumikiza, kusindikiza ndi kudula, kuti tsiku losintha plugin musagwedeze app yonse.

Atatuwo akakhala a React, React Native ndi Expo. Akakhala a Android, Kotlin Multiplatform. Akakhala kuti sadziwa chilichonse mwa izi ndipo bwana akufuna app yooneka mwa mtundu wakewake, Flutter. Mulimonsemo Xcode imafuna macOS, kaya Mac ili pa desiki kaya yobwereka pa intaneti.

Kalulu_wa_Dart

Ndiye Flutter yakhala ya anthu osadziwa kanthu, amayi?

Mai_a_Swift

Yakhala ya anthu amene alibe katundu wakale woti anyamule. Musakwiye, zida zake zimabwera pamodzi: ma widget, DevTools, zoyesera, zonse kuchokera kumodzi. Woyamba kumene sasochera posankha.

Nthiwatiwa

Chimodzi chatsala pa lisiti lija la mizere 40. Muikemo dzina lokhala ndi ŵ kapena é. Ma printer ambiri a ESC/POS sadziwa UTF-8, amagwiritsa ntchito code page, ndiye chilembo chimodzi chotere chimatuluka ngati tizizindikiro tiwiri tachilendo. É mukhoza kuipeza posankha code page yoyenera ndi lamulo la `ESC t`. Ŵ simupezeka m'ma code page ofala, ndiye mwina muisandutse w wamba musanatumize, kapena mzere umenewo muusindikize ngati chithunzi. Pa pepala la 58 mm m'lifupi mumakhala timadontho 384, amene ndi ma byte 48 pa mzere uliwonse wa timadontho. Chithunzi chotalika timadontho 24 ndi ma byte 1152, zidutswa 58 ngati MTU yakana kukwera. A Fisi, mzere wodikirira uja mutilembere apa tiuone.